Nyimbo za pa Gome la Ambuye: Kumene Zinachokera ndi Kumene Tikupita Nazo



Pamene tikuthokoza Mulungu chifukwa cha zaka 50 za mpingo wathu, masamba ena a kabuku kano anena kale za abusa amene anatumikira pano, za akulu a mpingo, za amayi a Chigwirizano ndi za njerwa zimene makolo athu anaumba ndi manja awo. Tsamba lino ndi la nyimbo, makamaka zimene zimaimbidwa pa Mgonero, pamene mkate ukugawidwa ndipo chikho chikuyenda m'mizere. Timachita zimenezi kangapo chaka chilichonse, koma ndi ochepa mwa ife amene anafunsapo kuti mwambo umenewu unachokera kuti. Akulu anati safunsa anadya phula.

Kuti tipeze yankho tiyenera kuyamba tacheza kwa anansi athu Akatolika. Mabanja ambiri pano pa Mtenguleni ali ndi agogo, amalume kapena apongozi amene amapemphera ku Katolika, ndipo okalamba pakati pawo amakumbukira masiku amene Misa inkaimbidwa m'Chilatini. Nyimbo zimenezo zinamveka m'dera lathu lino kwa zaka zoposa 60. Mbiri yake ikutikhudza ifenso, ndipo ili ndi chenjezo limene mpingo wa zaka 50 uyenera kulimva.

Masalmo pa gome loyamba

Mateyu 26:30 ndi Marko 14:26 amatiuza kuti Ambuye Yesu ndi ophunzira ake, atatha kudya, anaimba nyimbo asananyamuke kupita ku phiri la Azitona. Pa chakudya cha Paskha Ayuda ankaimba Masalmo 113 mpaka 118, ndipo ophunzira Baibulo ambiri amavomerezana kuti nyimbo ya usiku umenewo inachokera m'Masalmo amenewa. Choncho nyimbo yoyamba ya pa Mgonero inali Salmo. Anaiimba onse amene anadya, ndipo mawu ake anali kuwadziwa kuyambira ali ana.

Mpingo utakula, chizolowezi chimenechi sichinathe. M'zaka za m'ma 300, ku Yerusalemu kunali maphunziro a anthu obatizidwa kumene, amene amadziwika ndi dzina la bishopu Cyril. Maphunziro amenewo amanena kuti woimba ankaitanira anthu kugome ndi Salmo 34, pa vesi 8, pamene tikupemphedwa kulawa ubwino wa Mulungu. Kwa zaka zambiri Salmo limeneli ndilo linali nyimbo ya pa Mgonero m'mipingo ya kummawa ndi kumadzulo komwe.

Kuno ku Africa nkhaniyi inautsa mkangano. Augustine, bishopu wa ku Hippo amene anamwalira m'chaka cha 430, analemba za munthu wina dzina lake Hilary, Mkhristu wa udindo m'boma, amene anakwiya ndi chizolowezi chimene chinali chitangoyamba mumzinda wa Carthage, m'dziko limene lero ndi Tunisia. Chizolowezicho chinali choimba Masalmo pa nthawi yobweretsa zopereka ndi pa nthawi yogawa Mgonero. Hilary ankachinyoza paliponse, mpaka abale anapempha Augustine kuti amuyankhe. Tikamakangana m'misonkhano yathu za kiyibodi ndi makwaya, tidziwe kuti Akhristu a mu Africa anayamba kukangana za nyimbo za pa Mgonero zaka 1,600 zapitazo.

Chilatini chinali chinenero cha pamsika

Ambiri timaganiza kuti Chilatini chinasankhidwa chifukwa chinali chinenero chobisika cha ansembe. Mbiri ikunena zosiyana. Akhristu oyamba a ku Roma ankapemphera m'Chigriki, chinenero cha Chipangano Chatsopano. Koma anthu wamba a ku Roma ndi a kumpoto kwa Africa ankalankhula Chilatini panyumba ndi pamsika, ndipo Chigriki chinayamba kuwavuta. Pofika m'nthawi ya Papa Damasus, amene anatsogolera kuyambira 366 mpaka 384, mapemphero a ku Roma anali atasamukira m'Chilatini. Damasus yemweyo ndiye anatuma Jerome kukonza Baibulo la Chilatini, ntchito imene inatha cha m'ma 405. Chilatini chinalowa m'tchalitchi pa chifukwa chomwecho chimene Chichewa chinalowera: kuti mayi wogulitsa ndiwo amve zimene zikunenedwa.

Mawu ena akale sanachoke. Pemphero lalifupi lopempha chifundo, lotchedwa Kyrie, linakhalabe m'Chigriki. Ameni, Aleluya ndi Hosana ndi mawu Achihebri, ndipo ife tomwe timawatchula Lamulungu lililonse popanda kuwamasulira.

Mmene nyimbozo zinkaimbidwira

Nyimbo za Chilatini zimatchedwa ndi dzina la Papa Gregory Woyamba, amene anatsogolera kuyambira 590 mpaka 604. Komabe kaimbidwe kamene kanafika kwa ife kanakhazikika pambuyo pake, m'zaka za m'ma 700 ndi 800, pamene mafumu Pepin ndi Charlemagne anafuna kuti matchalitchi onse a m'dziko lawo aziimba monga ku Roma.

Kaimbidwe kameneka n'kosiyana ndi ka makwaya athu. Kalibe sopulano, aluto, tena ndi besi. Onse amaimba liwu limodzi. Kalibe ng'oma, ndipo simungaombe m'manja motsatira, chifukwa nyimbo imayenda ndi mawu ndi mpweya wa woimba, monga mmene munthu amawerengera Malemba modekha. Nthawi zina gawo limodzi la liwu limakokedwa, kukwera ndi kutsika, lisanafike lotsatira. Mawu a nyimbo zambiri anali ochokera m'Baibulo, makamaka m'Masalmo.

Pa nthawi ya Mgonero panali nyimbo ziwiri zazikulu. Yoyamba ndi Agnus Dei, kutanthauza Mwanawankhosa wa Mulungu, yochokera pa umboni wa Yohane Mbatizi pa Yohane 1:29. Papa Sergius Woyamba, amene anatsogolera kuyambira 687 mpaka 701, ndiye analamula kuti iziimbidwa pamene mkate ukunyemedwa. Yachiwiri inkatchedwa Communio, ndipo inkaimbidwa pamene anthu akupita kukalandira. Inali vesi imodzi yaifupi. Oimba ankaimba vesi imeneyi, kenaka vesi ya Salmo, n'kubwereranso ku vesi yoyamba ija, mpaka munthu womaliza atalandira. Pamenepo bishopu ankapereka chizindikiro, ndipo oimba ankatseka ndi mawu olemekeza Atate, Mwana ndi Mzimu Woyera. Amene mwakhalapo pa maliro kwathu kuno mukuidziwa njira imeneyi: wina amaponya, ena amavomera, ndipo nyimbo imatalika malinga ndi ntchito imene ikuchitika.

Lamulungu lililonse ndi chikondwerero chilichonse chinali ndi Communio yake, ndipo zonse pamodzi zinali zoposa 100. M'nyengo ya Lenti, pa masiku a pakati pa sabata, zinkatsata Masalmo mwadongosolo, kuyambira Salmo 1 mpaka Salmo 26, kupatula masiku ena owerengeka. Munthu amene ankapemphera masiku onsewo ankayenda m'buku la Masalmo pang'onopang'ono pamene akuyandikira Pasaka.

Nyimbo itafupika

Zaka zikupita, Chilatini cha pamsika chinasintha n'kubala Chifalansa, Chitaliyana, Chisipanishi ndi Chipwitikizi. Cha m'tchalitchi chinakhala mmene chinalili. Mbadwo wina unadzabadwa umene sunathenso kumva mapemphero ake omwe. Kuimba kunatsala m'manja mwa ophunzira ndi a m'nyumba za amonke, ndipo anthu wamba anasanduka omvera.

Pa nthawi yomweyo anthu anayamba kuopa gome la Ambuye n'kuleka kulandira. Zinafika poti m'chaka cha 1215 msonkhano waukulu wa Lateran unachita kulamula kuti Mkhristu aliyense azilandira kamodzi pa chaka, pa Pasaka. Popeza panalibenso mzere wa anthu opita kugome, mavesi a Salmo aja anasiyidwa, ndipo panatsala kavesi kamodzi kokha koimbidwa wansembe atalandira yekha. Utali wa nyimbo ya pa Mgonero unali ngati muyeso wa kuchuluka kwa odya pagome. Anthu atachepa, nyimbo nayo inafupika.

Ngakhale zinali choncho, m'nthawi imeneyo munatuluka nyimbo zina zakuya. M'chaka cha 1264 Papa Urban Wachinayi anakhazikitsa chikondwerero cha Thupi la Khristu, ndipo Thomas Aquinas analemba nyimbo zake. Ndime ziwiri zomaliza za imodzi mwa nyimbozo, zotchedwa Tantum ergo, ndi zimene agogo ambiri Achikatolika amatha kuziimba pamtima mpaka lero.

Do, re, mi ya aphunzitsi athu a kwaya

Pali mphatso ina imene tinalandira kuchokera ku nyimbo za Chilatini, ndipo timaigwiritsa ntchito Loweruka lililonse pokonzekera kwaya. Kale woimba ankafunika zaka zambiri kuti aloweze nyimbo zonse za chaka. Cha m'ma 1025 mmonke wina wa ku Italy, Guido wa ku Arezzo, anakonza njira yolembera nyimbo pa mizere, ndipo anapatsa mawu okwera mayina akuti ut, re, mi, fa, sol, la, amene anawatenga m'nyimbo ya Chilatini yokumbukira Yohane Mbatizi. Pambuyo pake ut anasanduka do. M'zaka za m'ma 1800 ku England, mayi Sarah Glover ndi m'busa John Curwen anaikonza njirayi kuti ana a Sande sukulu aziphunzira nyimbo mosavuta, ndipo amishoni anabwera nayo kuno. Mphunzitsi wa kwaya akaima patsogolo n'kuyamba do, mi, so, akugwiritsa ntchito chida chimene chinasulidwa pophunzitsa nyimbo za Misa.

Makolo athu a Kukonzanso Mpingo

Pamene Martin Luther ndi John Calvin anadzuka m'zaka za m'ma 1500, limodzi mwa madandaulo awo linali lakuti anthu akhala chete m'nyumba ya Mulungu. Ankatchula 1 Akorinto 14:15 ndi 16, pamene Paulo akufuna kuti tiimbe ndi mzimu ndiponso ndi nzeru zathu, ndipo akufunsa kuti munthu wosamva zimene zanenedwa angavomere bwanji ndi Ameni. Luther anatulutsa Misa ya Chijeremani m'chaka cha 1526. Ku Geneva, m'chaka cha 1562, Masalmo onse 150 anatha kukonzedwa m'Chifalansa kuti mpingo wonse uziimba.

Tikaonetsetsa, a ku Geneva anasunga zambiri za kale. Ankaimba Masalmo, liwu limodzi, popanda choimbira chilichonse, monga mmene amonke ankachitira. Chimene anasintha ndi chinenero ndi oimba: nyimbo inabwerera kwa alimi, amisiri, amayi ndi ana. Dongosolo la Mgonero limene mipingo ya ku Holland inalandira m'chaka cha 1566 linkati pamene anthu akudya, paziimbidwa Salmo kapena paziwerengedwa mutu wokumbutsa imfa ya Khristu, monga Yesaya 53, ndipo akatha kudya, m'busa aziyamika ndi mawu a Salmo 103. Dongosolo limenelo linapita ku South Africa, ndipo kuchokera kumeneko linafika kwa ife.

Mpingo wa Katolika unayankha pa msonkhano wa ku Trent, umene unachitika kuyambira 1545 mpaka 1563. Buku la Misa limene linatuluka m'chaka cha 1570 linasunga Chilatini, ndipo chinakhala chomwecho pafupifupi zaka 400.

Mitsinje iwiri ifika kwa Mpezeni

Nkhondo ya Angoni ndi Angerezi itatha m'chaka cha 1898, amishoni a Dachi ochokera ku Orange Free State anafika ku Magwero pa 5 Julaye 1899. M'chaka cha 1903 anatsegula Madzimoyo, pafupi ndi ife pano. M'chaka chomwecho cha 1903 ansembe a White Fathers anatsegula mishoni ya Kachebere, m'malire a dziko lino ndi Malawi, ndipo kuchokera kumeneko anayamba kuyendera midzi ya mbali ya Fort Jameson, imene lero ndi Chipata.

Chaka cha 1903 chinali chachikulu ku Roma nakonso. Amonke a ku Solesmes, ku France, anali atakhala zaka zambiri akufufuza m'mabuku akale kuti abwezeretse nyimbo za Gregory mmene zinalili poyamba. Pa 22 Novembala 1903 Papa Pius Wakhumi analemba kalata yolamula kuti nyimbo zimenezi zikhale patsogolo m'matchalitchi onse ndipo anthu aphunzitsidwe kuziimba. M'chaka cha 1905 analimbikitsa Akatolika kulandira kawirikawiri, ndipo mu 1910 analola ana a zaka pafupifupi 7 kuyamba kulandira. Motero ansembe amene anafika kuno anabwera pa nthawi imene nyimbo za Chilatini zinali zitatsitsimutsidwa, ndipo mzere wopita kugome unali utayambanso kutalika.

Tisaganize kuti zonse za ku Katolika zinali m'Chilatini. Kadinala Charles Lavigerie, amene anayambitsa gulu la White Fathers ku Algiers m'chaka cha 1868, ankalamula ansembe ake kuphunzira chinenero cha anthu. Katekisimu, ulaliki ndi nyimbo zambiri zinali m'Chinyanja, ndipo m'midzi mopanda wansembe mphunzitsi ankatsogolera mapemphero m'chinenero cha anthu. Chilatini chinali cha mapemphero a wansembe paguwa ndi cha Misa yaikulu yoimba, makamaka pa Khirisimasi ndi pa Pasaka, pamene Akhristu ankayenda mitunda yaitali kupita ku mishoni. Wansembe ankaima atayang'ana kuguwa. Olandira ankakhala osadya kanthu kuyambira pakati pa usiku, ankagwada, ndipo ankalandira mkate wokha pa lilime, ana a sukulu ya mishoni akuimba nyimbo zimene analoweza.

Ntchitoyo inakula. M'chaka cha 1937 dera la Fort Jameson linapatsidwa mtsogoleri wakewake wa Chikatolika, ndipo mu 1959 linakhala dayosizi, bishopu wake ali Firmin Courtemanche wa ku Canada. Ku Kachebere kunatsegulidwa seminale yaikulu m'chaka cha 1939, kumene anyamata a ku Nyasaland ndi a ku Northern Rhodesia ankaphunzira Chilatini ndi kuwerenga nyimbo zolembedwa pa mizere inayi. Ana a alimi a chimanga ndi oweta ng'ombe anaimba nyimbo zomwezo zimene zinkaimbidwa ku Roma.

Masiku amenewo mipingo iwiriyi inkalimbirana midzi ndi masukulu, ndipo mawu ankatuluka owawa mbali zonse. A kwathu ankati Aroma amaimba zimene sazimva. Zoona, ife tinali ndi chonyadira. Buku la Nyimbo za Mulungu linatuluka m'chaka cha 1916, Buku Lopatulika linasindikizidwa mu 1922, ndipo mu 1929 Justo Mwale anadzozedwa kukhala m'busa woyamba wa kuno. Koma nyimbo zathunso zinali ndi uchilendo wake. Mawu anali a Chinyanja, pamene maimbidwe ake anachokera ku Scotland, ku England ndi ku America, ndipo nthawi zina liwu linkapindidwa kuti likwane pa nyimbo ya kunja mpaka kumveka ngati la mlendo. Ng'oma inali yoletsedwa kwa Adachi ndi kwa Aroma chimodzimodzi. Abale athu Angoni a kwa M'mbelwa ndiwo anapeza njira msanga: ku mishoni ya Loudon m'busa Donald Fraser ankalimbikitsa Akhristu kupeka nyimbo zawo, ndipo anthu monga Mawelera Tembo anatenga maimbidwe a ingoma n'kuikamo Uthenga Wabwino.

Chilatini chipereka malo

Kusintha kunayamba pang'onopang'ono. M'chaka cha 1958 Roma inalola kuti mavesi a Salmo aja, amene anasiyidwa kalekale, abwerere pa nthawi yolandira, popeza olandira anali atachuluka. M'chaka chomwecho ku Kamina, ku Congo, wansembe Guido Haazen ndi ana a sukulu anajambula Missa Luba, mawu a Chilatini pa maimbidwe ndi ng'oma za kumeneko.

Kenaka kunabwera msonkhano wachiwiri wa Vatican, kuyambira 1962 mpaka 1965. Pa 4 Disembala 1963 mabishopu anavomereza chikalata cha za chipembedzo. Chikalatacho chinasunga ulemu wa Chilatini ndi wa nyimbo za Gregory, koma chinatsegula khomo la zinenero za anthu, chinafuna kuti mpingo wonse uzitenga mbali, ndipo chinati m'maiko a mishoni maimbidwe a eni dziko alemekezedwe. Pa 18 Okutobala 1964, pamene Papa Paul Wachisanu ndi Chimodzi ankalengeza kuti Akhristu ofera chikhulupiriro a ku Uganda ndi oyera, nyimbo za Chiafrika ndi ng'oma zinamveka m'tchalitchi cha Petro Woyera ku Roma. Patapita masiku 6, pa 24 Okutobala, dziko la Zambia linalandira ufulu.

Zaka zimenezo zinthu zinayenda mofulumira mbali zonse. M'chaka cha 1966 Akatolika anatulutsa Baibulo lawo la Malembo Oyera, lomasuliridwa ndi wansembe Louis Villy, ndipo m'chaka chomwecho mpingo wathu unalandira umwini kuchokera kwa amishoni. Mu 1968 tinatenga dzina la Reformed Church in Zambia, ndipo dayosizi ya Fort Jameson inatenga dzina la Chipata. Mu 1971 Medardo Mazombwe, mwana wa kuno kummawa, anadzozedwa kukhala bishopu wa Chipata. Iye anakhala wansembe m'chaka cha 1960, choncho Misa zake zoyamba zinali za m'Chilatini, koma monga bishopu anatsogolera anthu oimba m'chinenero chawo. Ndiye amene mu 2010 anadzakhala kadinala woyamba wobadwira m'Zambia.

Pamene makolo athu ankayala maziko a mpingo uno zaka 50 zapitazo, anansi awo Achikatolika anali akupeka nyimbo zatsopano za pa Ukaristia, ng'oma ndi visekese zili mkati, ndipo pambuyo pake atsikana a Stella anayamba kuvina patsogolo pa guwa. Chilatini sichinafe. M'chaka cha 1974 Papa Paul anatumiza kwa mabishopu onse kabuku ka nyimbo zochepa za Gregory kuti zisaiwalike, ndipo mpaka lero zina zimamveka pa zikondwerero zazikulu. M'chaka cha 1998 linatuluka Buku Loyera, limene Akatolika ndi Aprotestanti anamasulira atakhala pa tebulo limodzi. Agogo athu a masiku a mikangano ya masukulu sakanakhulupirira zimenezo.

Chifukwa chake okalamba ena amazilakalakabe

Munthu angafunse kuti n'chifukwa chiyani agogo ena amalankhulabe za nyimbo za Chilatini mwachikondi, pamene mawu ake sankawamva onse. Ife a pa Mtenguleni sitiyenera kudabwa. Mwezi wa Febuluwale uliwonse, kuyambira pamene Nc'wala inayambiranso m'chaka cha 1980, timamva ingoma pabwalo pano. Zambiri mwa nyimbo zimenezo zili m'Chingoni chakale, chimene makolo anawoloka nacho Zambezi m'chaka cha 1835, ndipo ambiri a ife sitichilankhulanso panyumba. Komabe amuna akaponda pansi pamodzi, amayi akuomba m'manja, popanda ng'oma, mtima umadziwa kuti tikuimba zimene agogo a agogo athu anaimba. Mkatolika wokalamba ankamva chimodzimodzi. Ankadziwanso kuti akapita ku migodi ya ku Kitwe, ku mafamu a ku Southern Rhodesia kapena ku Johannesburg, adzapeza nyimbo yomweyo ndipo sadzakhala mlendo.

Sitikubisa kuti pa chiphunzitso cha Mgonero ife ndi Akatolika timasiyana, ndipo kabuku ka chikondwerero si malo othetsera nkhaniyo. Pa chinenero timaima pamene Paulo anaima: pagome la Ambuye munthu ayenera kumva zimene akuimba. Koma nyimbo za Chilatini zinali ndi zinthu zabwino zimene tingachite bwino kuzisunga. Mawu ake anali a m'Malemba. Zinali zodekha, zopatsa munthu mpata wodziyesa yekha monga 1 Akorinto 11:28 ikufunira. Woimba sankaonekera, chifukwa onse anali pa liwu limodzi.

Funso la zaka 50 zikubwerazi

Amene anayamba mpingo uno analibe magetsi kapena kiyibodi. Mabuku a nyimbo anali ochepa, ndipo mkulu mmodzi ankatchula mzere, mpingo wonse n'kuuimba. Lero Mulungu watidalitsa ndi makwaya ambiri, zokuzira mawu ndi achinyamata aluso, ndipo tikuthokoza chifukwa cha zonsezi. Koma mbiri imene taifotokozayi ikutionetsa mmene mpingo umakhalira chete. Palibe amene analamula Akhristu a ku Ulaya kuti aleke kuimba. Chinenero chinawatalikira pang'onopang'ono, nyimbo zinakhala zovuta, akatswiri anazitenga, ndipo anthu anazolowera kumvera. Patapita mibadwo, anazolowera ngakhale kuonerera gome ali patali.

Nyimbo ingathe kusanduka Chilatini ngakhale ili m'Chichewa. Zimachitika pamene sipika yakwera kwambiri mpaka mawu osamveka, pamene kwaya yabweretsa nyimbo imene inaimva pa foni dzana ndipo mpingo sunaiphunzire, ndiponso pamene tiimba korasi ya Chingerezi agogo amene anasenza madzi omangira tchalitchi chino atangokhala, manja ali pamiyendo. Zimachitikanso pamene nyimbo ya pa Mgonero sikunena kanthu za mtanda, za mwazi wa pangano kapena za kubweranso kwa Ambuye.

Chifukwa chake tikupempha bwalo la akulu, aphunzitsi a makwaya ndi atsogoleri a achinyamata kuti akhale pansi chaka chino chisanathe, aganizire zinthu izi. Nyimbo za pa Mgonero zizisankhidwa pa tsiku la chikonzekero, m'busa ndi akulu ataona mawu ake. Pa nthawi yogawa mkate ndi chikho, zoimbira zizitsika kuti liwu la mpingo limveke, ndipo nyimbo imodzi iziimbidwa ndi pakamwa pokha. Nyimbo yatsopano iziphunzitsidwa kwa mpingo wonse isanafike pagome. Ndipo opeka nyimbo pakati pathu atsegule Masalmo 23, 34, 103 ndi 116, atipekere nyimbo zoponya ndi kuvomera m'maimbidwe a kwathu kuno, kuti mwana wa kalasi ndi gogo wosadziwa kuwerenga athe kuvomera limodzi. Mawelera Tembo anachita zimenezi ndi ingoma zaka zoposa 100 zapitazo, ndipo ife tili ndi ingoma pakhomo pomwe.

Kwa inu agogo athu, amene mumadziwa pamtima nyimbo zakale za pa Mgonero, tikupempha kuti musapite nazo kumanda. Itanani adzukulu madzulo muwaphunzitse, ndipo makwaya abwere kwa inu ndi makope awo. Mawu a akulu amakoma akagonera. Ndipo mukakumana ndi mnansi wanu wa ku Katolika amene akukumbukira Agnus Dei, mupempheni akuimbireni, kenaka mutsegule naye Yohane 1:29, muwerenge pamodzi m'chinenero chimene nonse mukumva.

Mulungu amene anasunga mpingo uno zaka 50 apitirize kutisonkhanitsa pagome lake, ndipo adzukulu athu akadzalemba kabuku ka zaka 100, adzapeze mpingo wonse ukuimbabe.

Wanu mu utumiki wa Ambuye,
M'busa wa mpingo